Madeya Amene Ndinataya M'mbali mwa Njanji

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri chaka chimene nyanja ya Chiuta inakwera n'kudzalowa m'nyumba za anthu. Tinkakhala ku Entre Lagos, pafupi ndi malire a Malawi, kuseri kwa siteshoni, ine ndi amayi ndi mlongo wanga wamng'ono. Ndinali mwana wosayankhula. M'kalasi mayankho ndinkawadziwa, koma dzanja langa silinkakwera. Mlendo akafika pakhomo ndinkapeza chochita kuseri kwa nyumba. Zonse zimene zinkandikanika pakamwa ndinkazilemba m'kaderino, buku lolembamo la chikuto chobiriwira limene amalume anandigulira ku Cuamba. Kaderinoyo ndikadali naye. Ngodya yake imodzi inanyowa n'kuuma, masamba a pamenepo anamatana, koma tsamba limene ndikufuna kukamba limawerengeka bwinobwino.

Pasukulu pathu panali aphunzitsi ena, apulofesola Tereza, amene ankatiphunzitsa masewera olimbitsa thupi. Anali mayi wamfupi, wa mawu aakulu kuposa thupi lawo. M'mawa uliwonse dzuwa likangotuluka ankathamanga m'kanjira kotsata njanji, ndipo pang'onopang'ono anthu anayamba kuwatsatira: atsikana a timu ya mpira, anamwino awiri a pachipatala, ndi anyamata angapo ogulitsa nsomba amene ankati akulimbitsa miyendo yopalasira njinga. Gululo linalibe dzina. Anthu ankangoti a m'mawa aja. Ine ndinalowamo chifukwa amayi anandikankhiramo, ati mwina mphepo ikamandiwomba pakamwa padzatseguka. Pakamwa sipanatseguke, koma kuthamangako ndinakukonda, chifukwa munthu akamathamanga palibe amamufunsa funso. Ndinkakhala womaliza masiku onse, ndipo sizinkandidandaulitsa. Kumbuyoko ndinkamva kupuma kwanga ndekha, miyala ya njanji ikulira pansi pa mapazi, ndi sitima ya malasha ikubwera patali.

Chaka chimenecho mvula inagwa masiku ambiri osapumira. Madambo anadzaza, nyanja inakumana ndi minda, ndipo anthu a m'mphepete anayamba kufika, ena pabwato mpaka pothera madzi, kenako wapansi, atasenza mphasa, mapoto ndi nkhuku m'madengu. Anawagoneka m'makalasi mwathu, maphunziro n'kuima. Msewu unali utaduka, choncho thandizo lochokera kutali linkayembekezeka koma silinkafika.

M'mawa wina tisananyamuke, apulofesola anatulutsa matumba opanda kanthu n'kupatsa aliyense lake. Anati miyendo imene takhala tikuilimbitsa miyezi yonseyi tsopano yapeza ntchito. Tizithamangabe monga kale, koma tizikafika kumidzi ya kumtunda kumene madzi sanafike, tizilowa khomo ndi khomo kupempha chilichonse chimene munthu angadye. Anyamata a njinga azitidikira pamphambano kuti atilandire zolemera. Anthu a m'midzimo anali atazolowera kutiona tikudutsa n'kumatiseka kuti tikuthawa chiyani, ndiye sitinali alendo kwa iwo. Ambiri ankatidikira ndi kambale ka ufa, nyemba zodzaza manja awiri, kapena makaka, chinangwa chouma chija.

Zonse tinkazipereka kwa Abiti Saidi. Iwonso anali mmodzi wa othawa madzi, mayi wachisilamu wowamba nsomba, wamtali, wa m'maso mofiira ndi utsi wa zaka zambiri. Anthu anawasankha kuyang'anira kophikira chifukwa ankadziwa kugawa mosakondera, ndipo palibe amene ankafuna kukangana nawo. Panali malamulo awiri amene onse anagwirizana. Loyamba, chakudya chidyedwe mkati mwa mpanda wa sukulu, chifukwa masiku oyambirira ena anali atakagulitsa gawo lawo kusiteshoni. Wopezeka akutero sadzagawiridwanso. Lachiwiri, galu asalowe. Anthu ankagona pansi, mbale zinkakhala pansi, ndipo mabanja ambiri achisilamu ankayala mikeka yoswalira pabwalo lomwelo. Ngakhale amene sanali Asilamu anavomereza, poopa kuti ana angalumidwe.

Kwa ine kuthamanga ndi thumba sikunali kovuta. Chovuta chinali kuima pakhomo la munthu n'kunena kuti odi. Poti ndinali womaliza, anzanga ankakhala atatenga kale nyumba zamalata za m'mbali mwa njira, ine n'kutsala ndi tinyumba ta kumapeto. Ndipo pakati pa atsikana panali mpikisano umene apulofesola sankaudziwa. Pobwerera ankasuzumirana m'matumba kuona amene wabweretsa zabwino. Pampikisanowo ufa woyera unali pamwamba, kenako nyemba, makaka pansi. Rozina, amene ankagwira pagolo, ananenapo tsiku lina kuti wobwera ndi madeya akangowapereka kwa nkhuku za kwawo. Onse anaseka, inenso ndinaseka nawo.

Tsiku lachitatu ndinafika pakanyumba kena kaudzu. Panatuluka mayi wamng'ono, mwana kumbuyo. Ndisanamalize kufotokoza analowa m'nyumba n'kubwera ndi lichero la madeya. Anandiuza kuti ndi zimene akudya iwonso, ndipo andigawira pakati. Ndinagwada, ndinatsegula thumba, ndinathokoza. Koma njira yonse yobwerera m'makutu mwanga munkangomveka kuseka kwa Rozina. Patsogolo pang'ono, sukulu isanaoneke, pali kamlatho kodutsa madzi pansi pa njanji. Ndinayang'ana uku ndi uku, ndinatsika, ndinakhuthula madeya onse muudzu, n'kukung'untha thumba kuti pasatsale chizindikiro. Kusukulu ndinapereka timakaka tochepa ta pakhomo lina. Ndinauza apulofesola kuti kumene ndinapita anthu alibe kanthu. Anandiyang'ana nthawi yotalikirapo.

M'mawa mwake, ndili kumbuyo monga mwa masiku onse, ndinaona munthu atagwada muudzu pamalo omwe aja. Ankawola madeya onyowa ndi manja awiri n'kumathira m'chipewa, akuchotsamo timitengo ndi nyerere. Ndinawazindikira. Anali a Matiyasi, bambo wokalamba amene ankagona pakhonde la kalasi yachitatu. Anali mmodzi wa anthu amene anabwerako ku Malawi nkhondo itatha, ndipo ankakhala okha pamunda wawo kufupi ndi nyanja. Ndinaganiza kuti akufuna kudya okha madeyawo, ndipo miyendo yanga inaima yokha.

Atandiona sanadzidzimuke. Anandikodola ndi dzanja, ndinatsika.

"Taona, mdzukulu," anatero. "Wina wataya chakudya apa. Kaya ndi ndani, Mulungu amudalitse."

Nkhope yanga inatentha ngati ndayandikira moto. Ananditsogolera kuseri kwa kamlathoko, pamene panali kamtunda kouma pakati pa zitsamba. Pamenepo panali galu wofiirira, khutu limodzi long'ambika, nthiti zikuwerengeka, womangidwa ndi chingwe chopotedwa ndi ukonde wakale. Sanauwe. Anangogwedeza mchira n'kuika mphuno m'chipewa muja. A Matiyasi anati dzina lake ndi Tabwera. Kenako anapisa dzanja m'jekete n'kutulutsa kaphukusi ka tsamba la nthochi. Munali theka la chakudya chawo cha dzulo, ndi nyemba zomwe.

Ndinalimba mtima n'kufunsa chifukwa chimene samumasulira kuti azidzifunira yekha chakudya. Anati akamumasula awatsatira mpaka kusukulu, ndipo kumeneko anyamata amugenda. Anakhala pamwala akumuyang'ana akudya, ndipo patapita kanthawi anayamba kufotokoza, maso ali pagalu, osati pa ine. Anati tsiku limene ankathawa nkhondo anali ndi galu wina. Anamumangirira pamtengo wa mango kuti asawatsatire n'kuwaulula ndi kuuwa. Ankaganiza kuti abwerako mawa lake, kapena mkuja. Anabwerako patapita zaka.

"Mtengo ndinaupeza," anatero. "Uyu ndiye sindimusiya."

Kenako anandipempha kuti ndisauze munthu. Anati anthu akamva kuti chakudya chopemphedwa khomo ndi khomo chikudyedwa ndi galu, galuyo sagona tsiku lina ali moyo. Ndinalonjeza. Kulonjeza kukhala chete kunali kosavuta kwa ine. Ndi ntchito yokhayo imene ndinkaidziwa bwino.

Masiku otsatira ndinkachita dala kutsalira kwambiri kuti ndiwaone. Tsiku lililonse ndinkawapeza pomwepo, ndipo tsiku lililonse ndinkalemba m'kaderino zimene ndaona. Ndinalemba kuti buluku lawo ayamba kulimanga ndi luzi. Ndinalemba kuti akutsokomola. Ndinalemba kuti lero apuma kawiri pakati pa sukulu ndi kamlatho, mtunda umene ine ndinkaudutsa osauzindikira. Madeya aja anatha m'masiku awiri. Kangapo ndinaima pakhomo la munthu mawu ali pamlomo, ofuna kupempha madeya pang'ono a galu, koma ndinkaona ngati andiseka kapena andikalipira, ndiye ndinkameza. Kamodzi ndinawabweretsera chinangwa changa chimene amayi anandiphikira. Anachilandira, anachinyema pakati, theka n'kupatsa Tabwera. Madzulo ndinalemba zimenezonso, ndi zilembo zosamala, ndipo ndinamva ngati ndachitapo kanthu.

Sabata isanathe, tikubwerako ndi matumba, tinapeza anthu atasonkhana pansi pa mkuyu wa pabwalo la sukulu. Pakati panaima a Matiyasi, chipewa m'manja. Abiti Saidi anali atagwira kaphukusi ka tsamba la nthochi, kotsegula. Wina anali atawaona masiku angapo akutuluka jekete litatukuka, kulowera cha kusiteshoni, ndipo m'mawa umenewo anawaimitsa pageti.

Abiti Saidi anawafunsa amene amawagula. A Matiyasi anati sanagulitsepo kanthu. Anawafunsa kumene chakudyacho chimapita. A Matiyasi anayang'ana pansi. Anawafunsanso, mofatsa, mowanyengerera ngati mwana, kuti ngati pali wachibale wodwala kwinakwake anene, akamutenge. Iwo sanadzutse mutu. Kumbuyo anthu anayamba kung'ung'udza kuti lamulo ndi lamulo, ena aja anachotsedwa, bwanji awa. Ndinadziwa tanthauzo lake. Munda wawo unali pansi pa madzi, analibe mwana kapena mbale pafupi, ndipo munthu amene akulephera kale kufika pakamlatho osapuma sakanakhalitsa wopanda mbale ya pasukulupo.

Kaderino ndinkayenda naye m'thumba, chifukwa mlongo wanga ankakonda kung'amba masamba n'kupangira ndege. Ndinamutulutsa, ndinatsegula tsamba lija, ndinakoka malaya a apulofesola n'kuwapatsa. Ndinkafuna kuti anene iwo. Mawu awo ankamveka mpaka kusiteshoni, ndipo anthu ankawamvera. Anawerenga chamumtima mpaka pansi, anatseka, n'kundibwezera.

"Izi si zanga, Selina," anandiuza motsitsa mawu. "Unaona ndiwe. Ngati zili zoti zimveke, zimveke ndi mawu ako. Ine ndiima pompano."

Anaika dzanja paphewa langa n'kuuza anthu kuti mwana uyu ali ndi mawu. Maso onse anatembenukira kwa ine. Ndinayang'ana a Matiyasi, ndipo anapukusa mutu pang'ono, mwina ndi ine ndekha amene ndinaona. Ndinali nditalonjeza. Ndinayang'ananso luzi la m'chiuno mwawo, ndipo ndinayamba kuwerenga.

Poyamba palibe anamva. Bambo wina anati kamwanaka kakutafuna chiyani, ena n'kuseka. Abiti Saidi anatembenuka n'kuwayang'ana kamodzi kokha, bwalo lonse linati zii. Ndinayambiranso. Zimene ndinawerenga ndi izi, monga zilili patsambalo mpaka lero:

"Lero ndapeza agogo a Matiyasi akutola madeya amene ndinataya dzulo pakamlatho chifukwa ndinkaopa kusekedwa. Amayi amene anandipatsa anati ndi zimene akudya iwonso. Agogo sakudziwa kuti ndine. Anati Mulungu adalitse amene anataya. Madeyawo si awo, ndi a galu wawo Tabwera. Amamupatsanso theka la chakudya chawo. Anasiyapo galu wina pamtengo nthawi ya nkhondo. Ndalonjeza kuti sindiuza munthu."

Za madeyazo ndikanatha kuzidumpha. Koma ndinali ndi mantha kwambiri moti maso ankangotsata mzere ndi mzere, pakamwa n'kumatsatira. Nditamaliza sindinadzutse mutu. Ndinkaona mapazi a Rozina pambali panga, ndipo sanasunthe.

Woyamba kuyankhula anali mayi wina wonyamula mwana. Sanakweze mawu. Anangofunsa ngati wamva bwino, kuti mwana wake akugona mimba isanadzaze pamene galu akudya nyemba. Tonse tinadziwa kuti sankanama. Bambo wondinyoza uja anati yankho ndi lapafupi, apite anyamata awiri ndi chibonga nkhani ithe. A Matiyasi anafinya chipewa chawo m'manja, ndipo ndinaona kuti chimene ankaopa chija ndachibweretsa ndine.

Abiti Saidi anayang'ana kaphukusi kaja. Kenako anafunsa kuti, "Che Matiyasi, mwakhala mukudya theka kuyambira liti?"

Anati kuyambira tsiku limene anafika.

Abiti Saidi anawagwira dzanja, anaika kaphukusiko m'chikhatho chawo, n'kuwalozera benchi. "Khalani apo. Mudye chonsechi ine ndikuona." Kenako anatembenukira kwa anthu. Anati mayi wa mwana uja wanena zoona, ndipo kuyambira lero palibe nyemba imodzi yotuluka pageti. Anati galu sadzalowa mumpanda muno, ndipo iwo sangamukhudze ngakhale ndi chala. Koma chamoyo chomangidwa pachingwe kufa ndi njala iwo akudziwa, zimenezo sakufuna kukafunsidwa kwa Mulungu. Anati tsiku lililonse amakwirira mitu ndi matumbo a milamba kuseri kwa kophikira poopa ntchentche, ndipo sakuona chifukwa choti dothi lizidya pamene pali pakamwa.

Mmodzi wa anyamata a njinga, a Jafali, ananena kuti kuchigayo cha kusiteshoni amasesa pansi madzulo aliwonse, ufa wosakanikirana ndi mchenga umene munthu sangadye, n'kukautaya kudzala. Apulofesola anati ndiye kuti kuyambira mawa gulu likhala ndi matumba a mitundu iwiri, la anthu ndi la a miyendo inayi, ndipo asasakanizidwe. Anthu ena anachokapo akudandaulabe. Mayi wa mwana uja sanasekerere. Abiti Saidi podutsa pafupi nane anaima.

"Iwe wotaya madeya," anatero. "Thumba lachiwirilo ndi lako."

M'mawa mwake apulofesola anandiika kutsogolo, koyamba chiyambire kuthamanga. Anati kuchigayo wopempha ndine. Tinafika injini isanalire. Ndinaima pakhomo, gulu lonse lili kumbuyo kwanga likupuma mwawefuwefu, ndipo ndinati odi. Ndinafotokoza kuti tikupempha zosesa za pansi, ndi za galu wa agogo ena amene ali kusukulu. Mwini chigayo, woyera ndi ufa mpaka m'nsidze, anaseka mpaka kugwira chitseko. Anati wakhala pamenepo zaka zambiri koma galu sanatumizepo nthumwi. Kenako anandipatsa tsache. Ndinasesa, Rozina anagwira thumba, ndipo sanandiseke.

Chimene sitinayembekezere chinachitika m'masiku otsatira. Anthu anayamba kupita kwa Abiti Saidi mmodzimmodzi, monong'ona. Zinapezeka kuti a Matiyasi sanali okha. M'tchire la kuseri kwa sukulu munali agalu ena omangidwa. Banja lina linali litasiya mbuzi pachulu chozunguliridwa ndi madzi. Mtsikana wina wachisilamu, wa msinkhu wanga, ankalira tsiku lililonse osanena chifukwa, ndipo chifukwa chake chinali mphaka amene anatsala padenga. Ngakhale bambo wa chibonga uja anadzafunsa a Jafali, akuyang'ana kumbali, ngati bwato lopita kukaona mbuzi lingadutsire cha kwawo. Onsewa anali akudya n'kugona pakati pathu, aliyense ndi chinsinsi chake, poganiza kuti nthawi ya tsoka si yotchulira nyama. Asodzi anapereka bwato, anyamata a njinga ankanyamula mpaka pothera madzi, ife n'kumasesa kuchigayo ndi kutola makoko a chinangwa m'midzi. Mphaka uja anabwera m'dengu, atakwiya ndi aliyense.

A Matiyasi sanandiyankhule. Ndikafika pakamlatho ndi chitini cha phala la zosesa ndi mitu ya milamba, ankalandira osandiyang'ana. Tabwera ndiye analibe mlandu nane, ankandinyambita mawondo. Nthiti zake zinayamba kubisika, ndipo chifuwa cha agogo chinachepa. Komabe kusayankhulako kunkandipweteka kuposa kuseka kulikonse kumene ndinkaopa kale. M'kaderino muli masamba angapo a masiku amenewo pamene ndinkadzifunsa ngati ndinalakwa. Sindinapeze yankho, ndinangodzaza mapepala.

Msewu utakonzedwa thandizo linafika, ndipo patapita milungu madzi anabwerera m'malo mwake. Anthu anayamba kumanga katundu. M'mawa wina ndili kumbuyo kwa gulu, poti ndinali nditabwerera pamalo anga akale, ndinakumana nawo m'kanjira ka njanji. Anali atasenza mphasa, Tabwera akuyenda patsogolo wopanda chingwe. Ndinapatuka kuti adutse. Anaima.

"Unalonjeza, mdzukulu."

"Inde, agogo."

"Ndipo unaswa."

"Inde."

Anayang'ana galu amene ankanunkhiza miyala ya njanji. Kenako anapisa dzanja m'jekete, momwe muja munkabisika kaphukusi, n'kutulutsa chingwe cha ukonde chija, chokulungidwa bwino. Anandipatsa.

"Sunga iwe," anatero. "Ine ndatopa nazo zingwe."

Anapitiriza ulendo. Sananene kuti andikhululukira, ndipo sindinawaonenso. Ndinamva patapita zaka kuti anamwalira pamunda pawo, ndipo galuyo anatengedwa ndi oyandikana nawo.

Pali chinthu chimodzi chimene sindinachite. Mayi uja wa lichero sindinabwerere kukamuuza. Ndinkadutsa pafupi ndi kanyumba kake m'mawa uliwonse mpaka ndinamaliza sukulu ya pamenepo, ankandibayibitsa, inenso ndinkabayibitsa, koma sindinaime. Anandigawira pakati chakudya cha mwana wake, ine n'kukachithira muudzu chifukwa cha kuseka kwa atsikana. Kuti galu anadya sichinali chifundo changa. Zinangochitika. Dzina lake sindikulidziwa, ndipo ndikamakumbukira chaka chimenecho ndi iye amene amandisowetsa mtendere.

Lero ndine mphunzitsi, ndipo ndimathamangabe m'mawa ndi gulu la kumene ndimakhala. Ndidakali wamanyazi, zimenezo sizinathe. Koma ndili mwana ndinkakhulupirira kuti munthu wokhala chete salakwira aliyense, ndiponso kuti kuona chinthu n'kuchilemba mosamala ndi chimodzimodzi kuchisamala. Ndinaonerera bambo wokalamba akuwonda pafupifupi sabata yathunthu, cholembera chili m'manja, ndikudziona ngati mwana wabwino wosunga lonjezo. Zoona zake, lonjezolo linkandisunga ine. Linkandipatsa chifukwa chabwino chochitira zimene ndinkafuna kale, kusatsegula pakamwa. Apulofesola anaona zimenezo, n'chifukwa chake anandibwezera kaderino.

Ndinaphunziranso kuti wothawa madzi safika yense pamalo othawira. Amatha kulandira mbale, bulangete ndi pogona, koma theka lake lili kwina, lomangidwa pachingwe, ndipo sanganene chifukwa akuona ngati n'zochititsa manyazi pakati pa mavuto aakulu. Choncho mvula ikavuta, gulu lathu likanyamuka ndi matumba, ndimaonetsetsa kuti alipo a mitundu iwiri. Ndipo tikafika pamene anthu asonkhana, anzanga akamatsitsa katundu, ine ndimapita kwa amene wakhala payekha kumapeto kwa khonde. Ndimakhala naye pansi, kenako ndimamufunsa motsitsa mawu kuti, kodi kunjaku mwasiyako ndani?